Chifalansa cha a Mailosi

Atsibweni anga a Mailosi anali munthu wovuta kukhala naye, ndipo ndikunena izi ine amene ndinkawakonda. Ukawapatsa moni ankayamba akukonza kaye pamene lilime lako lapotoka, moniwo n'kudzayankha pambuyo. Ankavala jekete mwezi wa Okutobala, kuno kuchigwa kumene dzuwa likakwiya ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Koma mlendo akadwala mwakayakaya m'mudzi, kaya ndi Mlomwe wobwera kudzatola thonje, kaya ndi munthu wapaulendo wosadziwika kwawo, anthu sankathamangira kwa sing'anga kapena kwa abusa. Ankangoti, "Kaitaneni a Mailosi." Ambiri ankati sukulu ndi imene inawasandutsa munthu wotero. Mayi anga a Leah, mlongo wawo, ankakana. Iwo ankati zonse zinayambira pamphasa imene anamwalirirapo bambo awo.

Bambo awowo sanali Mmang'anja. Anali mmodzi wa Akololo, amtengatenga amene anatsika ndi azungu oyamba aja kuchokera kumtunda kwenikweni kwa Zambezi. Anzawo ena anagwira mfuti n'kusanduka mafumu kuno. Iwo analibe mtima umenewo, anangokwatira pa Chikwawa n'kumalima mapira. Chimang'anja anachimeza chonse, moti ana awo anakula osamvapo liwu ndi limodzi lomwe la kwawo kwa bambo awo.

Chaka cha 1901 mkuluyo anagwa m'matenda. Nthawiyo a Mailosi anali mnyamata wa ndevu zongomera kumene, atabwera kutchuthi kuchokera kusukulu ya amishoni a Chisikotchi kumtunda, Chingelezi chili thoo m'kamwa. Matenda atakula, panachitika chinthu chimene palibe anachiyembekezera. Chimang'anja chinawathawa bambo aja, ndipo anayamba kulankhula chinenero cha amayi awo. Sankabwebweta ayi, mayi anga ankanenetsa zimenezi. Ankalankhula bwinobwino, n'kuima, n'kumuyang'ana munthu kumaso kudikira yankho. Akaona kuti palibe, ankatembenukira kwa wina n'kuyambiranso. Ena ankaopa kuti ndi mizimu yabwera kudzawatenga, ena ankangoyang'ana pansi ndi manyazi. Kenako maso onse anapita kwa wophunzira.

"Iwe wa kusukuluwe, akuti chiyani bambo ako?" anafunsa amayi awo.

A Mailosi anatuluka n'kuliyatsa liwiro kupita kumudzi wina wakutali kumene kunatsala nkhalamba ina ya Chikololo, kuti idzamasulire. Nkhalambayo miyendo inali itatha, anachita kubwera nayo akupuma pamthunzi uliwonse. Akuyandikira kwawo anamva akazi akulira maliro. Chimene bambo awo ankanena, kaya ankapempha kanthu, kaya ankatsazika, kaya ankadandaula, palibe anachidziwa. A Mailosi analumbira mumtima kuti munthu sadzafanso pamaso pawo akulankhula iwo osamumva.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Atamaliza sukulu anapita ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire, n'kulembedwa ukalaliki pakampani ina ya sitima za pamadzi. Padoko pamenepo pankatera anthu a mitundu yonse, ndipo iwo ankatola zinenero ngati mwana wotola masau. Chisena anali nacho kale. Chipwitikizi anachitola kwa amalonda, Chilomwe kwa onyamula mabelo a thonje, ngakhale tizidutswa ta Chimwenye tinalowa m'thumba. Koma ankasiyanitsa. Chinenero chotola ndi khutu ankachitcha cha pamsewu. Chenicheni kwa iwo chinali cholembedwa, chimene munthu wachikhalira pansi, wachilirira, wakwapulidwa nacho, monga Chingelezi chawo. Pa Chiromo pomwepo anakwatira a Dorika, mayi wosalankhulalankhula, koma woti akatsegula pakamwa umapita kwanu ukukanda m'mutu. Anabereka mwana mmodzi, Simoni.

Njanji itapitirira kumunsi mpaka ku Zambezi, sitima za pamadzi zinayamba kuchepa, ndipo kampani ija inatseka zitseko. A Mailosi anabwerera kukhasu, koma khasu silinkawadziwa. Munda wawo unkaoneka patali chifukwa cha udzu. Inadutsa nkhondo ya Jeremani, chinadutsa chimfine chija chinapulula anthu, iwo akadali pomwepo, jekete ili pamsomali, akumawerengera anthu mapepala a msonkho kuti apeze wolankhula naye Chingelezi.

Cha m'ma 1920 kunabwera Aroma ochokera ku Falansa kudzamanga katchalitchi ndi sukulu m'mbali mwa dambo, kumtunda kwa Bangula. Wansembe mwini wake ankakhalira kuyenda m'midzi. Pamalopo pankatsala bulazala, wodzipereka ku mpingo koma osati wansembe, mmisiri wa njerwa, munthu wamfupi wa ndevu zofiirira, zikhatho zokhakhala ngati za mlimi. Chingelezi chake chinali chotsimphina, Chimang'anja chinali chisanamere n'komwe. Ankafuna munthu woima pakati pa iye ndi oumba njerwa. A Mailosi atangomva anachapa jekete. Abale a mpingo wawo anang'ung'udza kuti munthu woleredwa ndi Asikotchi akukachita chiyani kwa Aroma.

"Ndikukawaumbira njerwa, sindikukawapempherera," anayankha motero, ndipo zoonadi sanasinthe mpingo mpaka kumwalira kwawo.

Mkangano unayamba tsiku loyamba lomwe. Bulazala anatola kamtengo n'kulemba dzina lake panjerwa yaiwisi: Hilaire. A Mailosi anakonza kukhosi, nawerenga mokweza monga anawaphunzitsira Asikotchi: "Hileya." Mzungu uja anaseka, napukusa mutu.

"Ileer," anatero, akudziloza pachifuwa.

A Mailosi analoza chilembo choyamba. Nanga ichi? Bulazala anaphatikiza manja, nawaika patsaya, natsinzina. Chagona. Analoza chomaliza. Nachonso chagona. Atsibweni anaona ngati akuseweretsedwa. Oumba njerwa, ambiri a iwo Asena ozolowera maina a Chipwitikizi, sanafune kuvutika ndi zimenezo, anangoti Hilario, ndipo dzina linakhala lomwelo.

Kungodziwa kuti pali chinenero cholembedwa chimene iwo alibe, a Mailosi mtima sunakhalenso m'malo. Anapempha buku. Bulazala anafufuza m'bokosi mwake napeza kabuku kothethekatheka kophunzitsira Angelezi Chifalansa, kamene iye ankakawerenga chobwerera kuti atolemo Chingelezi. Anagwirizana kuti masana, ntchito ikaima chifukwa cha dzuwa, azikhala pansi pa mtengo wa bwemba, wina aziphunzitsa Chimang'anja, wina Chifalansa.

Bulazala anathamanga. Munthuyo analibe manyazi. Ankalakwitsa pamaso pa amayi kuchitsime, iwo n'kumuseka, iye n'kuseka nawo, mawa lake n'kubwera atakonza. Chaka chisanathe ankatha kukalipira munthu wothira madzi ambiri m'dothi, komanso kupepesa pambuyo pake. Koma kwa a Mailosi inali nkhondo. Diso lawo linaleredwa ndi Chingelezi, ndiye liwu lililonse la m'bukumo ankaligwira ngati Mngelezi wovala zachilendo. Liwu lotanthauza zambiri iwo ankati "byukaupu", mwini chinenero akuti "boku". Ena ankathera m'mphuno osatuluka n'komwe. Koma limene linawapsetsa mtima kwambiri linali la madzi.

"Bulazala, tandiuzani bwino," anatero tsiku lina, chala chili pabuku. "Apa pali e, pali a, pali u. Onse atatu abwera kuntchito. Inu mukuti liwuli ndi o. Ameneyu o-yu ali kuti? Wolandira ulemu ndi munthu woti sanabwere n'komwe?"

"Ndi mmene zilili, Mailosi."

"Ndi mmene zilili! Kwanuko munalibe akuluakulu oti akhale pansi akonze zimenezi? Ndipo n'chifukwa chiyani mtundu wonse mumalankhula ngati muli ndi chimfine chosatha?"

Bulazala anasolola mpeni wake wodulira fodya, nauika pabondo. "Uwu, pa Chingelezi, lembani."

A Mailosi analemba pansi ndi chala, monyadira, k ali patsogolo.

"Werengani."

"Naifi."

"Nanga uyu woyambayu, wadzuka?"

"Ameneyo ndi nkhani ina," anatero atsibweni, akufufuta ndi phazi. "Ameneyo tinazolowerana."

Ndi zoona, fungo la m'nyumba mwako sulimva. Chingelezi nachonso chili ndi ogona ake ambirimbiri, kungoti iwo anali atawaloweza ndi chikwapu ali ana, n'kuiwala kuti anawalirirapo.

Malangizo a Bulazala anali amodzi tsiku ndi tsiku. "Tsekani buku, Mailosi. Yang'anani pakamwa panga, nenani zimene mwamva." Apa ndi pamene atsibweni ankaumira gwa. Iwo, bambo wa ndevu zawo, kalaliki wa pa Chiromo, azikhala n'kumayang'anitsitsa milomo ya mwamuna mnzawo ngati khanda? Anakana. Ndipo pokana anadzipangira nzeru yawoyawo imene palibe akanawachotsa. Anati Chifalansa chiyenera kuti chilipo chapawiri. Pali chaulesi, cha pantchito, chimene Bulazala amalankhula, chosiya mawu osamaliza ngati waganyu wosiya m'mphepete mwa munda osalima. Ndiye pali chaulemu, cha milandu ikuluikulu ndi mapemphero, chimene munthu amatchula chilembo chilichonse chimene alembi anavutika nacho. Iwo ankafuna chaulemucho. Ankachiphunzira okha kuseri kwa nyumba, mokweza, mbuzi za a Dorika zikuwayang'ana.

Chimene chimandiseketsa ine, komanso kundimvetsa chisoni, n'chakuti Chifalansa chenichenicho chinali kale m'kamwa mwawo. Atsibweni anali katswiri wotsanzira anthu. Masiku owotcha njerwa mu uvuni, nkhuni zikalowa, uchema, mowa wa migwalangwa uja, ukayamba kuzungulira, anyamata a njerwa ankawachonderera.

"A kalaliki, tipatseniko Hilario pang'ono."

Ankayamba akana, monga mwa ulemu wawo. Kenako ankavula jekete, kuika manja kumbuyo, kutukula mapewa, kutulutsa milomo, ndipo pamalopo pankaima Bulazala weniweni. "A boo... me wi, me wi!" Umo ndi mmene mzunguyo ankavomerera munthu akamamufotokozera nkhani. "Dusima, dusima!" Amenewo ndi amene ankakuwa anthu akanyamula njerwa zaziwisi mothamanga, kutanthauza kuti pang'onopang'ono. Wina ankafuula dala kuti, "Bulazala, muli kuti?" Iwo n'kuyankha ngati ali pamwamba pa khoma, "Zhe swi la!" ndiye kuti ndili pano. Anthu ankagubuduka ndi phwete.

Tsiku lina mwini wake anatulukira kuseri kwa uvuni zili mkati. Wina anabisa chipanda kumbuyo. Bulazala anaseka mpaka anakhala pamulu wa njerwa, misozi ili mbwee.

"Mailosi! Chimenecho ndiye Chifalansa! Mwabisa kuti masiku onsewa?"

Atsibweni anachita manyazi, ndipo manyazi awo ankatuluka ngati mkwiyo. "Awa ndi masewera, Bulazala. Musandinyoze." Anatola jekete navala, mabatani onse.

Ankakangana choncho, koma ankakondana. Bulazala ankabwera kudzadya kwa a Dorika, n'kumayamikira mlamba wouma ngati sanadyepo nsomba chibadwire. Ankasimba za kwawo, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja yozizira, ndi amayi ake okalamba amene anawasiya ataima pakhomo. Tsiku lina pansi pa bwemba paja, a Mailosi anamuuza za imfa ya bambo awo, nkhani imene sankaiuza munthu wamba. Bulazala anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalalikire. Anangoti chapansipansi, "A boo." A Mailosi anadabwa kuti mawu amene iwo ankaseketsa nawo anthu amathanso kugwira ntchito pachisoni.

Chaka cha 1922 mvula inakana. Anthu anasiya midzi n'kulowa m'dambo kukazula nyika, timizu ta maluwa a m'madzi timene timapulumutsa anthu a kuno njala ikavuta. Bulazala anaimitsa zomanga, n'kumalowa nawo m'dambomo kukagawa kachimanga kamene kanalipo ndi kunyamula ofooka. Udzudzu wa m'menemo sufunsa kuti ndiwe yani. Malungo ankamugwetsa, iye n'kumwa kwinini, n'kudzuka, n'kubwereranso. A Mailosi anamukalipira, a Dorika anamukalipira, koma munthuyo analinso ndi makani ake. Kenako mkodzo wake unada ngati makala, ndipo aliyense wa kuchigwa kuno ankadziwa kuti mzungu akafika pamenepo, manda ali pafupi. Wansembe anali kutali, kumidzi ya kumapiri cha kumalire.

M'mawa mwake a Mailosi atalowa m'chipinda anapeza anthu ataima m'mbali mwa khoma. Bulazala anali maso, akulankhula. Anamupatsa moni pa Chimang'anja, sanamve. Anayesa Chingelezi, sanamve. Zonse zimene anaphunzira kuno zinali zitamuthawa, chinangotsala cha amayi ake. Ankalankhula, n'kuima, n'kumuyang'ana munthu kumaso. Akaona kuti palibe yankho, ankatembenukira kwa wina.

"A kalaliki, akuti chiyani?" anafunsa mmodzi wa oumba njerwa.

A Mailosi anatchera khutu ndi mphamvu zawo zonse. Mawu ankatuluka mothamanga, olumikizana, opanda poyambira ndi pothera, osafanana ndi chilichonse cha m'buku lija. Sanatolepo kanthu. Anachita mantha ngati mnyamata uja wa pa Chikwawa. Anatembenuka, natola chipewa, nalunjika pakhomo. Pakhomopo anakumana ndi a Dorika atasenza mtsuko wa madzi.

"Bambo a Simoni, mukupita kuti?"

"Kukaitana ansembe. Iwo ndi amene angamve zimene akunenazi."

A Dorika sanapatuke. "Miyendo ilipo yambiri pano, ina yoposa yanuyo. Mukufuna mudzamvenso maliro muli panjira?"

Palibe munthu wina padziko akanawauza mawu amenewo. A Mailosi anaima ngati aombedwa mbama. Kenako anavula chipewa, natuma wina kuti athamangire ansembe.

Panali mwamuna wina dzina lake Kaitano, Msena, mwini bwato limene linkabweretsa laimu ndi matabwa pamalopo. Iyeyo ndi amene anati kudikira n'kupha munthu, bola amutsitsire ku Chiromo kuti akakwere sitima ya pamtunda kupita kuchipatala kumapiri. Anayala udzu m'bwato, nakhoma timitengo, nafunditsa mphasa pamwamba kuti pakhale mthunzi. Anamugoneka Bulazala mmenemo. A Mailosi anathamangira kunyumba kukatenga kabuku kaja, nakhala chakumutu kwa wodwalayo. Zonse zimene zinachitika pamadzipo ndinazimva kwa Kaitano yemweyo atakalamba, chifukwa atsibweni sankazisimba.

Dzuwa linali pamutu. Bwato linkadutsa m'tinjira ta pakati pa gumbwa ndi mabango, mvuu zikufwenthera chapatali. Bulazala ankalankhulabe, maso akusakasaka, ndipo mawu ake anayamba kumveka ngati a munthu wotayika. A Mailosi anaona kuti nthawi ya Chifalansa chaulemu chija yakwana, pakuti palibe mlandu waukulu woposa imfa. Anamanga mabatani a jekete, natsegula kumapeto kwa buku kumene kunali pemphero la Atate athu, limene Aroma ndi Asikotchi sakanganirana. Anawerenga mokweza, mwaulemu wonse, osasiya chilembo ndi chimodzi chomwe.

"Notire Pere kwi etesi auksi sieuksi..."

Bulazala anawayang'ana ngati sanawaonepo. Nkhope inachita makwinya. Mwina anaona ngati wagwidwa ndi anthu achilendo amene akumuweruza m'chinenero chawo. Anayamba kukuwa, kuponya miyendo, kufuna kudzuka kuti athawe. Bwato linapendekeka, madzi analowa.

"Nkhabe, iyayi, a kalaliki!" anafuula Kaitano, Chisena chake chitatulukira. "Mwadiya ugubuduka uwu! Muno muli ng'ona, mugwireni!"

A Mailosi anataya buku, namugwira mapewa ndi manja onse awiri. Sanaganize. Mawu anangotuluka okha, ndi liwu lomwe lija la kuuvuni, milomo itatuluka, m'mphuno momwemo.

"Dusima. Dusima, Ileer. Dusima."

Thupi lija linafewa. Bulazala anagona pansi, akupuma mwawefuwefu, maso ali pa a Mailosi. Ananena kanthu, mawu anakwera kumapeto, naima kudikira. Atsibweni sanamve ngakhale liwu limodzi. Koma funso limadziwika m'chinenero chilichonse, ndipo kudikira kumeneko ankakudziwa, anali atakusenza kuyambira ali mnyamata.

"Me wi," anatero.

Bulazala anapumira m'mwamba ngati munthu wotula katundu, napitiriza nkhani yake. Ankalankhula, n'kuima. "A boo," ankatero a Mailosi. Akaona nkhope yagwa, ankanena chapansipansi monga anamvera pansi pa bwemba paja. Akaona yawala, ankakweza. Pena Bulazala anaseka, iwonso anaseka naye, osadziwa chimene akuseka. Anavula jekete ija, naiviika m'madzi, n'kumamupukuta nayo pamphumi. Kabuku kaja kankayandama m'madzi a pansi pa bwato, palibe anakatola.

Kaitano ankati mawu onsewo ankawadziwa, anali omwe aja ankagubuduka nawo ndi phwete uchema uli m'manja. Tsiku limenelo ankapalasa nkhafi misozi ikutsikira m'ndevu.

Atatuluka m'mabango kulowa mumtsinje waukulu, mawu a Bulazala anachepa. Anatambasula dzanja akufufuza m'mwamba, naitana liwu limodzi limene silifuna womasulira kulikonse.

"Mama?"

A Mailosi, munthu amene sankalola ngakhale kutchulidwa dzina popanda ulemu wake, anagwira dzanja lija, nawerama mpaka pakhutu.

"Zhe swi la," anatero. "Zhe swi la."

Bulazala analankhulanso pang'ono, mwachifatse, ngati mwana wouza amayi ake za kumene wachokera. Anamaliza zimene ankanena. Pamene zitsulo za mlatho wa pa Chiromo zinkaonekera patsogolo, anali atapita, dzanja lake lili m'dzanja la atsibweni. Kaitano anatembenuza bwato osafika n'komwe padoko.

Anamuika pafupi ndi khoma la tchalitchi limene analisiya lili m'chiuno. Wansembe anafika mochedwa, nafunsa ngati malemuyo anasiya mawu. A Mailosi anati anasiya ambiri, koma iwo sangathe kuwabwereza. Anadzabwera mmisiri wina kudzamaliza zomangazo, koma atsibweni sanapemphenso buku, ndipo palibe anawamvanso akutsanzira Hilario, ngakhale uchema ukome bwanji. Makani awo sanathe, moni ankakonzabe, jekete ina anagula. Chimene chinasintha n'chakuti mbiri ya m'bwato ija inawanda, anthu n'kuyamba kuwaitana mlendo akamatsirizika. Ankapita, n'kukhala pamphasa chakumutu. Chinenero akachidziwa ankayankha. Akapanda kuchidziwa ankamvetsera kaye mmene mwini wake akuvomerera, n'kumamubwezera momwemo, ndipo sankachoka mpaka zitatha.

Koma zimene mayi anga ankazikumbukira kwambiri ndi za sabata imene Bulazala anaikidwa. A Mailosi sanapume. Anayenda wapansi mpaka ku Chikwawa, nawapeza mlongo wawo akusinja nyika zouma kuseri kwa nyumba. Analibe jekete. Mayi anali atamva kale za imfayo, ndipo ankadziwa za lumbiro lija, ndiye atawapatsa madzi anafunsa.

"Achimwene, ndiye ulendo uno munamva? Anati chiyani mzunguyo?"

"Sindinamve, Leah."

"Ngakhale pang'ono? Ndi kuphunzira konse kuja?"

"Ngakhale pang'ono. Ndinangomuvomera basi. Iye akalankhula, ine kuvomera. Ndipo anapita ngati munthu amene wafika kwawo."

A Mailosi anayang'ana chikho chimene chinali m'manja mwawo.

"Leah, bambo aja sankafuna womasulira. Tonse tinali pomwepo. Tikanangoti eee."

Mayi anga anasiya munsi. Anakhala pansi awiriwo pafupi ndi mtondo, n'kulira maliro amene anthu ena onse anali atawaiwala kalekale.